Bambo anu sanamenyedwe hamala, ndi BP imene anaisiya ija

Uthenga wa sabata ino wachokera kwa mayi wina wa ku Mponela, ndaufupikitsa pang'ono. Akuti: "Adokotala, bambo anga a zaka 61 anagwa mwezi watha akuchokera kudimba, kukamwa kunapotokera mbali imodzi, dzanja ndi mwendo wakumanja sizikugwira ndipo mawu sakutuluka bwino. Anali pa mankhwala a BP koma anasiya chaka chatha poti amamva bwinobwino. Kumudzi akuti amenyedwa hamala ndipo pali amalume ena amene akuwaloza chala. Sitiroko imabwera bwanji, bwanji yachuluka chonchi masiku ano, nanga ineyo wa zaka 36 ndingaipewe bwanji?"

Pepani mayi ndi matendawo. Ndiyambe ndi amalumewo kaye, chonde asiyeni, musalole kuti achinyamata akawagwetsere nyumba. Ndikumvetsa chimene anthu amanenera za hamala, munthu m'mawa anali bwinobwino, wadya nsima, watenga khasu, madzulo ali gone sakuyankhula, ndiye mutu wa munthu umafuna wolakwa basi. Koma yankho mwalemba nokha mu uthenga wanuwu, anasiya mankhwala chaka chatha. Zimene zaonekera mwezi wathazi zakhala zikuphikidwa mwakachetechete kwa miyezi yambiri, mwinanso zaka.

Sitiroko ndi matenda a muubongo, si a dzanja kapena mwendo ngakhale timati kufa ziwalo. Ubongo umadya kudzera m'magazi, ndipo sungathe kusunga chakudya cha mawa, magazi akangosiya kufika penapake maselo a pamenepo amayamba kufa pa mphindi zochepa. Zimachitika m'njira ziwiri. Mwina mtsempha watsekeka ndi kachibuluma ka magazi oundana kapena mafuta amene akhala akumatirira mkati, ngati paipi yamadzi yodzadza matope, kapena mtsemphawo waphulika magazi n'kukhuthukira muubongo. Yotsekeka ndiyo yochuluka padziko lonse, koma kuno ku Africa yophulikayi timaiona kwambiri kusiyana ndi ku Ulaya chifukwa anthu athu amayenda ndi BP yokwera kwa zaka popanda mankhwala. Chinanso, mitsempha yochokera kuubongo imapingasana, mbali yakumanzere ya ubongo imalamula thupi lakumanja, ndipo kwa anthu ambiri malo oyankhulira ali kumanzere komweko. N'chifukwa chake bambo anu dzanja lamanja ndi mawu zapita limodzi. Nzeru zawo zilipo, nthawi zambiri amamva zimene mukunena, ndiye musamakambe za maliro kapena za minda pamutu pawo ngati palibe munthu.

Mwafunsa ngati yachuluka. Yachulukadi, si maso anu okha. Padziko lonse sitiroko ndi yachiwiri pa matenda opha anthu, pambuyo pa matenda a mtima. Mu 2019 anthu oposa 12 miliyoni anagwidwa nayo koyamba ndipo pafupifupi 6.5 miliyoni anamwalira, ndipo akatswiri amawerengera kuti mwa akuluakulu anayi alionse mmodzi idzamupeza pa moyo wake. Ambiri mwa omwalirawo ali m'mayiko osauka ndi apakatikati, osati kwa azungu monga timaganizira kale kuti awa ndi matenda a mabwana onenepa. Kuno kwathu kafukufuku wa STEPS wa 2009, amene unduna wa zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi, oposa 9 mwa 10, sankadziwa n'komwe kapena sanali pa mankhwala. Kumudzi ndi m'tauni sikunasiyane kwenikweni. Tangoganizani minibasi yodzadza pa depoti, anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi mmenemo BP ili pamwamba ndipo akucheza za mitengo ya feteleza osadziwa kanthu.

Ndipo chimene ziwerengerozi sizionetsa ndi chimene inu mukuchiona kunyumba panopa. Malungo munthu amamwa LA masiku atatu n'kubwerera kumunda. Sitiroko imagwira mmodzi koma imakhazika pansi awiri, wodwala ndi womusamala. Muwodi ndimaona gadiyani wagona pansi pa bedi masabata awiri, geni yake ya tomato yaima, kumunda udzu wakula, ndipo akatuluka amene amanyamula katunduyo nthawi zambiri ndi mkazi kapena mwana wamkazi, ena mpaka kusiya sukulu kuti azitembenuza agogo. Komanso kuno imagwira anthu adakali amphamvu, a zaka za m'ma 40 ndi 50, amene akulipira fizi. Ku chipatala cha Queens ku Blantyre anachitako kafukufuku amene anatuluka mu 2016, anapeza kuti BP ndiyo inali patsogolo kwa onse koma kwa achinyamata HIV inali chifukwa chachikulu, makamaka kwa amene sanali pa mankhwala ndi amene angoyamba kumene ma ARV chitetezo chitatsika kale kwambiri, m'miyezi 6 yoyambirira. Izi sizikutanthauza kuti ma ARV ndi oipa ayi, tanthauzo lake n'loti kuchedwa kuyamba ndi kumene kumapweteketsa, amene wayezetsa msanga n'kumamwa mokhulupirika ngoziyo imatsika.

Tsopano nkhani ya BP, pano ndikhalitsapo chifukwa mpamene pagona mutu wonse. Kafukufuku wamkulu wotchedwa INTERSTROKE, wa m'mayiko 32 kuphatikizapo ena a mu Africa, anaonetsa kuti zinthu khumi zokha zimene munthu angathe kuzisintha ndi zimene zili kumbuyo kwa sitiroko pafupifupi 9 mwa 10, ndipo BP ili pa nambala wani, yokha ikukhudza pafupifupi theka. Vuto la BP n'loti sipweteka. Anthu amabwera kudzandiuza kuti adokotala ine BP yanga ndimaimva, ikakwera mutu umandipweteka kunkhongoku, ndiye ndimamwa mapiritsi tsiku limenelo. Ayi ndithu. Ndayezapo mayi wina akuseka, atabwera kudzaperekeza mwana wake osati kudzadwala, makina kuonetsa 210 pa 120, ndinabwereza katatu ndikuganiza kuti mabatire atha. Iwowo amangofunsa kuti tichedwa kodi, ndasiya nyemba pamoto. BP siimveka, imayezedwa basi. Ikamapezeka 140 pa 90 kapena kupitirira pa masiku osiyana, munthu atakhala pansi n'kupuma kaye mphindi zisanu, ndiye kuti yakwera ngakhale mukuthamanga ngati mwana.

Ndiye bambo anu anayamba mankhwala, BP inatsika, anamva bwino, mwina pa sikelo ina anesi anawauza kuti lero ili bwino, iwo n'kumva kuti ndachira. Apa ife achipatala tilinso ndi mbali yathu, timalemba mapiritsi a BP ngati HCT kapena amlodipine m'buku mwachangu, mzere uli panja mpaka pamtengo, osamufotokozera munthu kuti mankhwalawa sachiza, amangoigwira BP kuti ikhale pansi, ngati dzanja limene lagwira chitseko mphepo ikuomba, mukachotsa dzanja chimatseguka. Chodabwitsa n'choti ife Amalawi phunziroli tinaliphunzira kale ndi ma ARV. Ambiri sasiya ma ARV poti anenepa, amadziwa kuti kunenepako ndi umboni woti akugwira ntchito. Koma munthu yemweyo piritsi la BP amalitenga ngati panado. Ku Neno a Abwenzi Pa Za Umoyo pamodzi ndi chipatala cha boma anaphatikiza kiliniki ya HIV ndi ya BP, shuga, khunyu ndi mphumu kukhala imodzi, munthu kubwera tsiku limodzi n'kulandira zonse, ndipo ine ndimaona kuti nzeru yake ndi yomweyo, matenda okhalitsa onse asamalidwe mofanana.

Ndikudziwa kuti si onse amasiya mwadala. Ena amapita n'kuuzidwa kuti mankhwala atha kagulani, thiransipoti yokha yadya ndalama ya ndiwo. Ena HCT imawakodzetsa pafupipafupi, amlodipine imatupitsa mapazi, enalapril imabweretsa kachifuwa kouma kosatha, ndipo abambo ena amandinong'oneza kuti mphamvu zakuchipinda zachepa. Zonsezi n'zokambirana, mankhwala a BP alipo a mitundu yambiri ndipo timasintha, koma bwerani mudzanene, osangosiya phee n'kuyamba adyo ndi mandimu kapena timabotolo ta zitsamba togulitsa m'basi tija. Kutsitsa nambala yapamwamba ija ndi 10 yokha kumachepetsa ngozi ya sitiroko ndi pafupifupi kota, palibe chitsamba chimene chinaonetsapo zimenezo.

Inuyo a zaka 36, poti bambo anu ali ndi BP mwayi woti nanunso ikupezeni ndi wokulirapo, zimayenda m'magazi. Kayezetseni sabata ino, ndipo ngati ili bwino muziyezetsa kamodzi pachaka, nambala muzilemba m'buku lanu lakuchipatala. Ngati pa mimba ina munauzidwapo kuti BP yakwera, mapazi ndi nkhope kutupa, kapena munakomokapo pobereka, muwauze adokotala chifukwa amayi otere BP imakonda kudzabweranso patsogolo. Ndipo ngati mukumwa mapiritsi olera a tsiku ndi tsiku aja okhala ndi mahomoni awiri, BP ikakhala yokwera, kapena mumasuta, kapena mumadwala mutu waching'alang'ala umene umayamba ndi kuona nyenyezi, pemphani njira ina, zilipo zambiri. Muyezetsenso shuga ndi HIV tsiku lomwelo, kubaya chala kamodzi kawiri basi.

Kukhitchini mdani wamkulu ndi mchere. WHO imati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, imeneyo ndi supuni yaing'ono ya tiyi imodzi yosadzadza mpaka kusongoka, kuwerengera zonse zimene wadya tsiku lonse. Ife timathira mumphika, kenako kambale ka mchere pamphasa aliyense n'kuwazanso asanalawe, kuwonjezera timakyubu tokometsera, soda wa mu therere ndi nkhwani amene nayenso ndi m'bale wake wa mchere, nsomba zouma zothira mchere, tchipisi cha pachiwaya, kanyenya woviika mumchere ndi tsabola. Sindikunena kuti muzidya ndiwo zozizira ngati za odwala, chepetsani pang'onopang'ono, pakatha masabata angapo lilime limazolowera ndipo ndiwo za kwa aneba zimayamba kukuwawani. Usipa wouma uviikeni kaye n'kutaya madziwo. Ndipo phikani mphika umodzi wa banja lonse, zophikira bambo kambale kawokawo sizikhalitsa, amadzaba mchere usiku. Ku China anayesa m'midzi 600, anthu pafupifupi 21,000, kuwapatsa mchere wosakaniza ndi potaziyamu m'malo mwa mchere wamba, zotsatira zinatuluka mu 2021 ndipo sitiroko inatsika ndi 14 peresenti. Mchere umenewo suyenera kwa odwala impso, koma potaziyamu yemweyo ife tili naye wotchipa mu nthochi, nyemba, mbatata, mapeyala, bonongwe ndi chisoso.

Zinazo mukuzidziwa kale sinditaya nthawi. Fodya, kaya wa m'paketi, chingambwe kapena wa mphuno wa agogo uja, amaononga mitsempha ndipo wosuta ngozi yake ndi pafupifupi kawiri. Mowa wambiri, makamaka kachasu ndi zomwa mothamanga kumapeto kwa mwezi, umakweza BP n'kuphulitsa mtsempha. Thupi liziyenda, mphindi 30 masiku asanu pa sabata, wolima ndi wotunga madzi wakwanitsa kale, vuto lili kwa ife a muofesi amene timakwera kabaza ulendo wa mphindi zisanu. Chimodzi chimene anthu sachiganizira ndi utsi wa nkhuni ndi makala m'kakhitchini kopanda zenera, nawonso umathandizira, ndiye phikirani pamalo popita mphepo kapena pa chitetezo mbaula. Palinso a mtima, amene mtima wawo umagunda modumphadumpha kapena amene mavavu anaonongeka ndi zilonda zapakhosi za paubwana zimene sizinachizidwe, awa magazi amaundana mumtima n'kuthawira kuubongo, amafunika mankhwala ochepetsa kuundana ngati warfarin ndi kuyezedwa pafupipafupi. Ngakhale ana a matenda a magazi aja a sickle cell amagwidwa sitiroko, mwana wa zaka 7, ndiye hamala imeneyo angaimenyere chiyani mwana.

Tsopano chimene ndikufuna aliyense m'nyumba mwanu adziwe, mpaka mwana wa sitandade 5. Munthu akasintha mwadzidzidzi, muuzeni amwetulire muone ngati mbali imodzi yagwa, akweze manja onse awiri muone ngati limodzi likutsika lokha, anene dzina la mudzi wake mumve ngati lilime lalemera kapena akunena zosamveka. Chimodzi chokha mwa izi chakwana, pezani galimoto pompo ndipo onani nthawi pa foni kuti zayamba nthawi yanji chifukwa funso loyamba kuchipatala likhala limenelo. Zina ndi diso kuchita mdima mwadzidzidzi, chizungulire chodzandira ngati woledzera, kapena mutu woopsa umene sanaumvepo chibadwire. Pa sitiroko yaikulu maselo a ubongo pafupifupi 1.9 miliyoni amafa pa mphindi iliyonse, ndipo mankhwala osungunula magazi oundana, kumene alipo, amagwira m'maola anayi ndi theka okha. Kunena zoona mankhwala amenewo kwa ambiri a ife sali pafupi, ngakhale sikani ya CT yojambula ubongo ili m'zipatala zazikulu zochepa, koma musanene kuti ndiye kupita n'kopanda phindu. Kuchipatala timayeza shuga, chifukwa shuga akatsika kwambiri amanamizira sitiroko ndipo munthu amadzuka ndi diripi imodzi, timasamala BP, kutentha thupi, kupuma ndi kumeza, ndipo zimenezi n'zimene zimapulumutsa ambiri sabata yoyamba.

Panjira mugonekeni chammbali. Musamupatse madzi, phala, tiyi, mankhwala azitsamba, chilichonse chapakamwa, chifukwa sitiroko imaononga kumeza ndipo zimalowera kumapapo n'kubweretsa chibayo, ena mwa anthu amene timataya masiku oyambirira si ubongo umawapha, ndi phala lachikondi limene anamwetsedwa atagona chagada. Musamupatse asipirini musanadziwe mtundu wake, ngati ndi yophulika ija mukuwonjezera moto. Mphini, kufukiza, kubaya zala ndi singano monga mauthenga a pa WhatsApp amanenera, zonsezo zikungodya nthawi. Kupemphera pempherani ndithu, koma m'galimoto. Ndipo zizindikiro zikabwera n'kutha zokha pa mphindi khumi, dzanja kuchita dzanzi, kapu kugwa, kenako bwinobwino, musati Mulungu wachiza tigone, limenelo ndi belu, yaikulu imakonda kutsatira m'masiku awiri oyambirira. Mukafunsitsa mayi anu mwina mupeza kuti bambo zinawachitikirapo.

Za bambowo panopa, mwezi umodzi si nthawi yotaya mtima. Kuchira kwambiri kumachitika miyezi itatu mpaka 6 yoyambirira, ubongo umaphunzira njira zatsopano koma umafuna kubwerezabwereza, ndiye kuwasungira m'nyumba pamphasa kuti anthu asawaone ndi kuwalakwira. Funsani a fizo pachipatala cha boma chapafupi akuphunzitseni zochita kunyumba, ku Blantyre kulinso Kachere Rehabilitation Centre kwa amene angakwanitse kufikako. Ngati sakutha kudzitembenuza muwatembenuze maola awiri alionse, onani m'chiuno, kumatako ndi zidendene, pakafiira kapena kuda ndiye chilonda chayamba. Powadzutsa musakoke dzanja lofookalo, phewa limaguluka ndipo ululu wake ndi wa miyezi, gwirani thupi, dzanjalo muziliika pa pilo. Podya akhale tsonga, phala lolimbirako limamezeka bwino kuposa madzi, pang'onopang'ono, akamatsokomola kapena mawu akamamveka ngati muli madzi pakhosi siyani mukanene. Asiyeni ayese okha kusamba kumaso, kugwira kapu, kumanga batani, ngakhale zitenge theka la ola inu mtima ukuwawa. Muziyankhula nawo ziganizo zazifupi, mafunso a eya kapena ayi, ndipo yesani nyimbo za m'buku la kutchalitchi kwawo, ambiri amene mawu akuwakanika amatha kuimba ndipo nkhope imasintha mukuona. Akamalira popanda chifukwa kapena kukana kudya, si mwano, pafupifupi mmodzi mwa atatu amagwidwa matenda okhumudwa pambuyo pa sitiroko ndipo ali ndi chithandizo.

Munthu amene yamugwirapo kamodzi ndi amene ali pafupi kwambiri ndi yachiwiri, ndiye mankhwala a BP abwerere lero ndipo asadzasiyenso, pamodzi ndi ena amene adokotala awo alembe, mwina asipirini ndi a mafuta a m'magazi ngati yawo inali yotsekeka. Sankhani munthu mmodzi pakhomo woti aziwapatsa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, botolo likhale pafupi ndi mswachi kapena shuga wa tiyi, ndipo mukatenge ena kukadali masiku asanu asanathe. Ngati abale a kutauni kapena ku Joni akufunsa kuti tithandize chiyani, auzeni agule kamakina koyezera BP ka pamkono wapamwamba ndi mabatire ake. Tsiku loyamba yezani bambo, mayi, inuyo, azichimwene anu onse, ndipo amalume aja muwaitane adzakhale nawo pa mzere, poti ndi a msinkhu womwewo nawonso mwina ili pamwamba.